Ma vacuole a yisiti akamalumikizana, ntchito yaikulu ndi ya mapuloteni kapena malipidi?

Mphatso_Domasi

Akuluakulu, ndithandizeni, mutu waima. Ndili chaka chachitatu cha biochemistry ndipo atipatsa ntchito yolemba za momwe nembanemba ziwiri zimalumikizirana mkati mwa selo ya yisiti, makamaka ma vacuole, timatumba ta m'selo tosungiramo ndi kugayiramo zinthu. Buku lathu likunena mosapita m'mbali kuti ntchitoyi ndi ya mapuloteni otchedwa ma SNARE. Likutchula kafukufuku wa gulu la James Rothman wa mu 1998, pomwe anangoika ma SNARE pa timatumba ta malipidi (mafuta opanga nembanemba), timatumbato n'kulumikizana popanda chowonjezera. Koma manotsi a aphunzitsi adzaza ndi HOPS, Ypt7, ergosterol, PI3P, DAG ndi zina zambirimbiri. Ngati ma SNARE amakwana paokha, zinazi zikudzatani?

Funso lachiwiri ndi la puloteni ya Sec18. Akuti ntchito yake ndi kumasula ma SNARE amene agwirana. Nanga chinthu chomasula chikhala bwanji chofunika pa kulumikiza? Amene munagwirako zimenezi ndi manja, tiuzeni m'Chichewa chomveka.

Nabanda

Achimwene, buku lanu silinaname, koma lakupatsani theka la nkhani. Ine ma vacuole amenewa ndinakhala nawo pa maphunziro anga kunja, ndiye ndiyankha motalikirapo, mupirire.

Yambani mwaona vuto lenilenilo. Nembanemba ili ndi mizere iwiri ya malipidi, michira yodana ndi madzi ili mkati, mitu yokonda madzi ili kunja, ndipo kuchindikala kwake ndi ma nanomita 4 kapena 5 basi. Mitu ija yafungatira madzi, ndipo ina ili ndi chaji ya negative, choncho nembanemba ziwiri zikayandikana zimakankhana. Kuti zikhale chimodzi, madzi a pakatipo achoke, malipidi a mizere yakunja apindike n'kupanga kakhosi kolumikiza mbali ziwirizo kamene timati stalk, kenaka mizere yamkati nayo ikumane, kabowo n'kutseguka. Chimene chikusuntha pamenepa ndi malipidi. Mapuloteni amabweretsa mphamvu, ndiponso amasankha malo ndi nthawi.

Pa vacuole ma SNARE alipo anayi: Nyv1, Vam3, Vti1 ndi Vam7. Nyv1 imachokera pa vacuole imodzi, enawo atatu pa inzake. Akakumana amapotana ngati mmene timapotera chingwe cha khonje, kuyambira kunsonga yakutali kutsikira kumene chingwecho chamangiriridwa pa nembanemba, ndipo kupotanako n'kumene kumakoka ma vacuole awiriwo mpaka kufinyana. Pakati pa chingwecho pamakumana tizigawo ta puloteni, ma glutamine (Q) atatu ndi arginine (R) mmodzi, n'chifukwa chake mumamva za Q-SNARE ndi R-SNARE. Mpaka apa buku lanu ndi ine tikugwirizana.

Tsono taonani Vam7. Anzake atatuwo ali ndi mchira wozikika m'nembanemba, koma iyo ilibe, imangoyandama m'madzi a m'selo. Imafika pa vacuole chifukwa ili ndi kagawo kotchedwa PX kamene kamagwira lipidi ya PI3P, ndipo PI3P imapangidwa ndi enzayimu ya Vps34. Mukachotsa lipidi imeneyi, chimodzi mwa zinthu zinayi zopotanazo chimavutika kufika n'komwe pamalopo. Apa pokha mwaona kale kuti funso loti "mapuloteni kapena malipidi" likulekanitsa zinthu zosalekana.

HOPS ndi chimpuloteni chachikulu cha zigawo 6: Vps11, Vps16, Vps18, Vps33, Vps39 ndi Vps41. Vps39 ndi Vps41 zili kunsonga ziwiri, ndipo chilichonse chimagwira Ypt7, puloteni ya mtundu wa Rab imene imakhala pa vacuole itanyamula GTP, kamolekyulu kamene kamaiyatsa. Nsonga imodzi ikagwira Ypt7 ya vacuole iyi, ina n'kugwira ya vacuole iyo, ma vacuole amangidwa pamodzi ma SNARE asanayambe n'komwe. Koma HOPS siingomanga. Mu 2015 gulu la Frederick Hughson ku Princeton linasonyeza kuti Vps33 ili ndi malo ogwirira Vam3 ndi malo enanso ogwirira Nyv1, ndipo imaziika moyang'anizana bwino kuti kupotana kuyambike molondola. Ma SNARE mukawasiya okha amachedwa kupezana, mwinanso amagwirana molakwika.

Chimene chimandisangalatsa kwambiri pa nkhani yonseyi ndi malo amene kulumikizana kumachitikira. Ma vacuole ndi aakulu, amaoneka bwinobwino pa maikulosikopu. Awiri akagundana amaphwatalala pamene akhudzanapo, pamakhala bwalo lathyathyathya. Munthu angaganize kuti kabowo katseguka pakati pa bwaloli, koma ayi. Mu 2002 a m'labu ya William Wickner ku Dartmouth anaona kuti ma SNARE, HOPS ndi Ypt7 zimaunjikana m'mphepete mwa bwalolo, kupanga mphete imene amaitchula vertex ring, ndipo kulumikizana kumachitikira m'mphetemo. Nembanemba ya pakati ija nthawi zambiri imaduka n'kugwera mkati mwa vacuole yatsopanoyo, m'menemo n'kugayidwa. Mu 2004 Rutilio Fratti, ali m'labu yomweyo, anapeza kuti m'mphetemo mumaunjikananso malipidi ena ake: ergosterol, DAG, PI3P ndi PI(4,5)P2. Ukatchinga lipidi imodzi, mapuloteni sasonkhana bwino m'mphete. Ukatchinga mapuloteni, malipidi nawo sasonkhana. Palibe amene amafika yekha n'kuyamba kuitana mnzake, amakokana.

Palinso nkhani ya maonekedwe a lipidi payokha. PE ndi DAG zili ndi mutu waung'ono pamwamba pa michira yotambalala, choncho zimakhala bwino pamalo opindikira mkati monga pa stalk paja. Lipidi ya mchira umodzi ndi mutu waukulu, monga lysophosphatidylcholine, imachita zosiyana: mukaithira pa mzere wakunja imaletsa stalk kupangika ngakhale ma SNARE alipo.

Za kafukufuku wa 1998 uja, anali wofunika, sindikumunyoza. Anatsimikiza kuti ma SNARE ali ndi mphamvu yokwanira kulumikiza nembanemba. Koma timatumba tija anatidzaza ma SNARE ochuluka kuposa amene amapezeka pa vacuole, ndipo kulumikizanako kunkatenga nthawi yaitali. Mu 2008 Joji Mima, m'labu ya Wickner, anamanga zonse kuchokera pa zinthu zoyeretsedwa, ndipo anapeza kuti kulumikizana kwachangu kumafuna ma SNARE, HOPS, Sec17, Sec18 ndi malipidi aja pamodzi. Pambuyo pake atachepetsa ma SNARE kufika pa mlingo wa vacuole yeniyeni, Ypt7 nayo inakhala yosasowa, chimodzimodzi malipidi a mitu ing'onoing'ono. Buku lanu likuyankha funso loti n'chiyani chingalumikize nembanemba m'chubu. Aphunzitsi anu akuyankha loti n'chiyani chimalumikiza m'selo yamoyo.

Sec18 tsopano. Ma vacuole awiri akatha kulumikizana, ma SNARE anayi aja amatsala ali chipotanire pa nembanemba imodzi, mphamvu yawo yatha. Sangakokenso kanthu. Puloteni ya Sec17 imawagwira, kenaka Sec18, yomwe ndi mphete ya zigawo 6, imawononga ATP, chonyamula mphamvu m'selo, n'kuwapotokola kuti aliyense akhale payekha. Mphamvu imene idzakoke nembanemba ulendo wotsatira yalowa pamenepa. Mu 1996 Andreas Mayer, Albert Haas ndi Wickner anasonyeza kuti pa ma vacuole sitepe imeneyi, yotchedwa priming, imachitika ma vacuole asanagundane n'komwe. Ndiye Sec18 imamasula zakale kuti zatsopano zitheke. Ndipo ma SNARE atsopano akayamba kupotana pakati pa ma vacuole awiri, HOPS imathandiza kuwatchinjiriza kuti Sec18 isawamasule msanga.

Mphatso_Domasi

Zikomo kwambiri achemwali, za Vam7 zanditsegula maso. Koma mumadziwa bwanji kuti ma vacuole alumikizanadi osati angogundana? M'chubu muja simuona kanthu ndi maso.

Nabanda

Umaona, ndipo ndi chikasu. Njira yake ndi yochenjera, inakhazikika cha m'ma 1994 ndi Haas, Barbara Conradt ndi Wickner.

Umakhala ndi mitundu iwiri ya yisiti. Wina, BJ3505, alibe jini ya PEP4, ndiye m'ma vacuole ake muli enzayimu ya Pho8 yosakhwima, yogona, chifukwa palibe choidula kuti idzuke. Winayo, DKY6281, ali ndi chodulira chija koma alibe Pho8. Paokha palibe amene angachite kanthu. Zamkati mwa ma vacuole awiriwa zikasakanikirana, chodulira chimakumana ndi Pho8 n'kuidzutsa.

Ntchito yotopetsa ndi kutulutsa ma vacuole ali amphumphu. Umasungunula chikhoma cholimba cha selo ndi enzayimu, n'kuboola selo mofatsa ndi mankhwala a DEAE-dextran, kenaka n'kuika zonsezo pansi pa chubu. Pamwamba umasanja madzi a Ficoll, mankhwala olemeretsa madzi, 8 peresenti, 4 peresenti, n'kumaliza ndi opanda Ficoll, ukuthira pang'onopang'ono m'mbali mwa chubu dzanja lisanjenjemere, apo ayi mizere isakanikirana. Chubu chimapita mu ultracentrifuge, makina ozungulitsa mwaliwiro kwambiri, kwa mphindi 90. Potuluka umachikweza poyera n'kuona kamzere koyera kopyapyala kakuyandama pamene pakumana 4 peresenti ndi madzi apamwamba aja. Amenewo ndiwo ma vacuole. Umawayamwa ndi pipette yodula kunsonga kuti asaphulike, zonse zili pa ayezi, zala zitauma.

Ukatero umasakaniza mitundu iwiriyo mofanana, kuthira mchere wa KCl ndi ATP, n'kuika pa madigiri 27 kwa mphindi 90. Chubu china chimatsala pa ayezi kuti udziwe poyambira. Pamapeto umaswa ma vacuole ndi sopo wa m'labu wotchedwa Triton X-100, n'kuthira p-nitrophenyl phosphate, yomwe ilibe mtundu. Pho8 ikakhala kuti yadzuka imadula phosphate, madzi n'kusanduka achikasu, makina n'kuyeza chikasucho ndi kuwala kwa ma nanomita 400. Chubu cha pa ayezi chimangotuwa, chotenthedwacho chimachita chikasu choti ngakhale mlendo wongodutsa m'labu aona.

Ubwino wake ndi woti utha kuthira chotchinga chilichonse pa mphindi imene ukufuna. Ukathira antibody yotchinga Sec17 poyambirira, chikasu sichibwera. Ukaithira patapita kanthawi, ilibenso mphamvu, chifukwa priming yadutsa kale. Yotchinga Ypt7 kapena Vam3 imagwirabe ntchito nthawi yotalikirapo. Ndondomeko ya masitepe ili m'manotsi anuyo anthu anaipeza motero, pothira zotchinga nthawi zosiyanasiyana.

Jafali_wa_kuchipatala

Ine si wa labu, ndine clinical officer, koma mayi Nabanda mwatchula ergosterol ndiye makutu anga aima. Ameneyu ndi amene timalimbana naye tsiku ndi tsiku. Fluconazole amatseka enzayimu yopanga ergosterol, ndipo amphotericin B amagwira ergosterol yemweyo pa nembanemba ya fangasi. Odwala cryptococcal meningitis, matenda oumitsa khosi oyamba ndi fangasi ya Cryptococcus, timawathandiza ndi mankhwala amenewa, ndipo Cryptococcus nayenso ndi yisiti. Kafukufuku wa AMBITION, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2022 ndipo Malawi anali nawo limodzi ndi Botswana, South Africa, Uganda ndi Zimbabwe, ndi amene anabweretsa njira yopereka amphotericin wa mu liposome kamodzi kokha pa mlingo waukulu. Kodi mankhwalawa amapha poletsa ma vacuole kulumikizana?

Mphatso, kwa iwe ndili ndi chitsanzo choti usachiiwale pa mayeso. Kafumbata ndi matenda a SNARE. Poizoni wake ndi enzayimu yodula synaptobrevin, SNARE ya m'mitsempha, ndipo anazipeza a gulu la Cesare Montecucco ku Padua mu 1992. Amadula m'mitsempha imene ntchito yake ndi kuuza minofu kuti ipume. Timatumba ta uthengawo tikalephera kulumikizana ndi nembanemba, palibenso woletsa, nsagwada zimauma, msana n'kupindika. Amene anaonapo khanda la kafumbata sakayikira zoti SNARE imodzi ikaduka zonse zimaima.

Nabanda

A Jafali, chitsanzo cha kafumbata n'choyenera, ndipo synaptobrevin ndi R-SNARE, m'bale wake wa Nyv1. Ubale umenewu si wa maina chabe. Peter Novick ndi Randy Schekman ku Berkeley anapeza majini 23 a sec, othandiza selo kutulutsa zinthu kunja, mu 1980 pofufuza yisiti imene inkakula bwino pa madigiri 25 koma pa 37 timatumba tinkangounjikana m'selo osatuluka. Rothman naye, pogwira ntchito ndi maselo a nyama, anapeza puloteni ya NSF, ndipo zinadzadziwika kuti NSF ndi Sec18 n'chinthu chimodzi. Mphoto ya Nobel ya 2013 anagawana Schekman, Rothman ndi Thomas Südhof.

Pa mankhwala, tisalumphe. N'zoona kuti mu 2001 Kato ndi Wickner anathira nystatin, filipin ndi amphotericin B m'chubu cha ma vacuole ndipo kulumikizana kunaima, komanso yisiti yolumala majini ena a ERG, opanga ergosterol, imakhala ndi ma vacuole oduka tizidutswa. Koma kumeneko kunali kugwiritsa ntchito mankhwala ngati chida chotchingira ergosterol. M'thupi la wodwala amphotericin amapha fangasi makamaka powononga nembanemba yakunja ya selo, kuiboola ndi kuilanda ergosterol. Ndingamuuze wophunzira kuti lipidi yake ndi yomweyo, koma sindingalembe kuti imfa ya fangasi imachokera ku vacuole.

Gondwe_Joni

Mayi Nabanda mwafotokoza bwino, koma mwasalaza kwambiri. Mnyamatayu apita kukalemba ngati anthu onse anamvana, pamene gawo lomaliza, la kutseguka kwa kabowo, anthu akhala akukanganapo kwa zaka zambiri.

Mu 2001 gulu la Mayer, yemwe uja wa priming, linati gawo la V0 la pampu ya asidi ya vacuole limatenga nawo mbali pa kutsegula kabowo. Ena anakana, amvekere vuto la yisiti yopanda pampuyi ndi kusowa kwa asidi basi, osati kusowa kwa V0 payokha. Mu 2017 gulu lomwelo, lili ku Lausanne, linabwera ndi mfundo ina: ma SNARE paokha amakonda kuima pa hemifusion, pomwe mizere yakunja yalumikizana koma yamkati ayi, ndipo chimene chimakankha kuti kabowo katseguke ndi kukula kwa thupi la HOPS litadziphatika pa ma SNARE pamalo opanikizika aja. Anasonyeza kuti ngakhale mapuloteni ena aakulu osakhudzana ndi nkhaniyi, ukawamangirira pa ma SNARE, amathandiza.

Komanso musaiwale kuti labu ya Wickner yomweyo inapeza mu 2007 kuti ukachulutsa ma SNARE, ma vacuole amalumikizana popanda Ypt7 koma ambiri amaphulika. Zimenezi zimandichititsa kukayikira kafukufuku aliyense wa timatumba amene anangoyeza kusakanikirana kwa malipidi osayeza ngati zamkati zatayika.

Nabanda

A Gondwe, pa kuphulika paja mwalasa, ndipo n'chifukwa chake amene akuchita bwino ntchitoyi masiku ano amayeza zitatu nthawi imodzi: malipidi asakanikirana, zamkati zasakanikirana, zamkati zatayikira kunja. Kwa ine zotsatira za 2007 ndi yankho lina kwa Mphatso. Ntchito ya HOPS, Ypt7 ndi malipidi aja sikungofulumizitsa, komanso kuti mphamvu ya ma SNARE ithere pa kulumikiza osati pa kung'amba. Vacuole yadzaza asidi ndi ma enzayimu ogaya, ikatayikira m'selo ndi tsoka.

Za V0 ine sindinakhutire nazo. Timatumba tomangidwa ndi zinthu zoyeretsedwa timalumikizana bwinobwino, zamkati n'kusakanikirana, mulibe V0 ngakhale pang'ono. Mwina imathandiza pa vacuole yeniyeni, koma si iyo kabowo. Mfundo ya 2017 ndiye ndimailemekeza, ndipo sikutsutsana ndi zimene ndinanena. Chinthu chachikulu chikapanikizika pakati pa nembanemba ziwiri chimazipinda, ndipo kupindako kumaphweka kapena kulimba malinga ndi malipidi amene alipo.

Poti mwatokosa, ndiwonjezere chimene ndinachisiya dala kuopa kumusokoneza mnyamatayu. Sec17 siithera pa priming. Mu 2009 Matthew Schwartz ndi Alexey Merz anadula Vam7 kunsonga kuti kupotana kusafike kumapeto, kulumikizana n'kuima, koma atathira Sec17 kunayambiranso. Sec17 ili ndi kachala kodana ndi madzi kamene kamalowa m'nembanemba pafupi penipeni ndi pamene ma SNARE azikika, n'kusokoneza malipidi pamenepo. A labu ya Wickner anapitiriza nkhaniyi mpaka mu 2021, pomwe anasonyeza kuti Sec17 ndi Sec18, mothandizana ndi HOPS, zitha kumalizitsa kulumikizana ngakhale ma SNARE alephere kupotana mpaka pansi. Mphatso, ngati aphunzitsi anu amakonda wophunzira wowerenga kupitirira buku, ikani zimenezi m'ndime yomaliza, koma munene kuti umboni wake wambiri ndi wa m'chubu.

Mphatso_Domasi

Ndalemba zonse, zikomo nonse. Komaliza: ife tilibe ultracentrifuge. Kodi ndi yisiti ya m'sitolo ija yophikira mandasi ndingaoneko kanthu pa maikulosikopu ya kusukulu?

Nabanda

Mutha, chifukwa yisiti ya mandasi ndi Saccharomyces cerevisiae yomweyo. Musaiyang'ane itangotuluka m'paketi. Ikuleni kaye kwa maola angapo mu YPD, madzi a chakudya cha yisiti, ngati labu yanu ili nayo, mpaka muone maselo ambiri akuphukira ana. Maselo amene akukula amakhala ndi ma vacuole angapo apakatikati, pamene anjala amakhala ndi imodzi yaikulu. Gwiritsani ntchito galasi la 100x la mafuta, ndipo muchepetse kuwala, vacuole imaoneka ngati bwalo loyererapo mkati mwa selo. Ife tinkapaka FM4-64, utoto umene umawalitsa nembanemba ya vacuole mofiira, koma umafuna maikulosikopu ya fluorescence. Inu funsani utoto wa neutral red, amalowa m'malo a asidi.

Kenaka gawani maselowo pawiri. Ena muwaike m'madzi a mchere, magalamu 2.3 a NaCl mu mamililita 100, ndipo pakatha mphindi 10 kapena 15 muone. Ma vacuole amaduka tizidutswa, chifukwa selo yataya madzi ndipo enzayimu ya Fab1 yachulutsa lipidi ina, PI(3,5)P2. Kumeneko ndi kugawikana, musakalembe kuti mwaona kulumikizana. Kuti muone chimene mwafunsa, tengani maselo a mumchere aja, muwatsuke n'kuwaika m'madzi opanda kanthu. Madzi amalowa m'selo, tizidutswa tija n'kubwererana kukhala vacuole imodzi kapena ziwiri zazikulu. Jambulani ndi foni pa diso la maikulosikopu, muwerenge ma vacuole m'maselo 100 a gulu lililonse, ndipo mupemphe mnzanu amene sakudziwa kuti silaidi iti ndi ya gulu liti kuti ndiye awerenge.